Galu wa ku Ngabu safuna jekete, akufuna dzanja la mwini wake

Pa mafoni masiku ano pakutuluka malonda oti agogo athu akanawamva akanaseka mpaka misozi. Pali kajekete ka galu kokhala ndi batire mkati, kamene kamanjenjemera pang'onopang'ono n'kumamutikita msana iye ali chigonere. Palinso bulangete la hatchi lokhala ndi timakina m'matumba, loti aziifundika isanathamange komanso ikatha kuthamanga. Ogulitsa amati zinthuzi zimachotsa kutopa, zimafewetsa minofu ndipo zimakhazika mtima wa chiweto pansi.

Kumene zimachokera, awa si malonda a masewera. Bungwe la American Pet Products Association linawerengera kuti m'chaka cha 2023 chokha anthu a ku America anawononga madola 147 biliyoni pa agalu, amphaka ndi ziweto zina zapakhomo. Pa msika waukulu chotere, chilichonse cholonjeza kuti galu agona tulo tabwino chimapeza ogula. Chovala chodziwika kwambiri ndi ThunderShirt, chimene chinayamba kugulitsidwa mu 2009. Ichi chilibe ngakhale batire. Ndi nsalu yothina yokulunga chifuwa cha galu woopa mabingu kapena kuphulika kwa makombola a pa chaka chatsopano. Ku mbali ya mahatchi, kampani ya Horseware ya ku Ireland imagulitsa bulangete lonjenjemera lotchedwa Sportz-Vibe.

Chodabwitsa n'chakuti maganizo oti kufinya thupi kumakhazika mtima pansi anatchuka chifukwa cha ng'ombe. Temple Grandin, mayi wa ku America amene anabadwa mu 1947 ndipo ali ndi autism, ali mtsikana ankapita kufamu ya azakhali ake ku Arizona. Kumeneko anaona kuti ng'ombe yolusa ikalowa m'kampata kachitsulo kofinya m'nthiti, kamene amaigwiriramo poibaya jakisoni, nthawi zambiri imangoti zii. Ali ndi zaka 18 anadzipangira makina akeake odzifinyira akapanikizika m'maganizo. Pambuyo pake anadzakhala pulofesa wa za ziweto ku Colorado State University. Mu 2014 iye ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa agalu amantha ovekedwa ThunderShirt, ndipo anapeza kuti ovala mothina mtima sunkawathamanga kwambiri poyerekeza ndi anzawo, koma pa machitidwe ooneka ndi maso kusiyana kunali kochepa. Ndiye kuti si bodza lenileni, koma sichozizwitsa chimene otsatsa malonda amalalikira.

Tsono titsike nacho chovalachi phiri la Chikwawa, tidutse pa Thabwa, tiwoloke Shire pa mlatho wa Kamuzu, tikachiveke galu wa ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula mwezi wa Okutobala. Nyengo imeneyo kutentha kuchigwa kumapitirira madigiri 40. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati munthu. Amadzizizira potulutsa lilime n'kumapuma mwawefuwefu, ndipo n'chifukwa chake masana amakumba kadzenje pansi pa nkhokwe kapena pafupi ndi mtsuko kuti mimba ikhudze dothi lozizira. Kumukulunga nsalu yothina pachifuwa, ina yokhala ndi kamakina kotulutsa kutentha, n'kumuwonjezera moto. Galu wotenthedwa mopyola muyeso amakomoka ndipo atha kufa tsiku lomwelo. Za batire ndiye tisanene zambiri: m'midzi yambiri kutchaja foni yokha n'kolipira pa sola ya kumsika.

Komatu tisathamangire kunena kuti nkhani ya zovala za ziweto siitikhudza. Ziweto za kuchigwa zimavala tsiku ndi tsiku. Vuto ndi zimene zimavalazo.

Chikwawa ndi Nsanje ndi kwawo kwa ng'ombe. Likulu la zaulimi la Shire Valley ADD lili ku Ngabu, ndipo magalimoto odzaza ng'ombe okwera phiri kupita ku Blantyre ndi chinthu chozolowereka pa msewu wa M1. Zotsala kumudzi zambiri zimakoka ngolo: za thonje, za mapira, za njerwa, za mchenga, za migolo ya madzi, nthawi zina za mayi wodwala wopita kuchipatala msewu utaduka. Chovala chawo ndi goli. Goli labwino limakhala losalala, lotakata pamene likukhudza khosi, ndipo limakhazikika kutsogolo kwa linunda kuti mphamvu ya ng'ombe igawike pa malo aakulu. Goli loipa ndi mtengo wongodula dzulo, wamfundo, wosapala, wokhala ndi timitengo ta m'mbali tokhakhala ndi chingwe cha nayiloni chothina pansi pa khosi. Limayamba ndi kuchotsa ubweya. Kenako khungu limatupa, limasupuka, ntchentche n'kufika. M'mawa mwake goli limabwerera pa bala lomwelo chifukwa katundu sadikira, ndipo ng'ombe ikayamba kukana kukoka, mnyamata woyendetsa amati yachita ulesi, chikwapu n'kuyamba kulira.

Zambiri zowononga khosi la ng'ombe sizifuna ndalama kuti zikonzeke. Ng'ombe ziwiri za msinkhu wosiyana zikamangidwa pa goli limodzi, yaifupi ndiyo imasenza kulemera. Katundu akaunjikidwa kutsogolo kwa ngolo, mtengo wokokera umapondereza makosi. Akaunjikidwa kumbuyo, goli limanyamuka ndipo chingwe chimazikoka pakhosi. Matayala osapopa bwino amasandutsa ulendo wa ola limodzi kukhala chilango. Khungu lonyowa ndi mvula limasupuka msanga kuposa louma. Ndipo pali nthawi: ng'ombe yoyamba ntchito mbandakucha n'kupumula dzuwa lisanafike paliwombo, itamwa madzi, imagwira ntchito zaka zambiri kuposa yokokeredwa pa msewu masana. Ena bala likaoneka amathirapo oyilo wakuda wa galimoto. Oyiloyo amaotcha mnofu ndipo ng'ombe kapena inzake ikanyambita amalowa m'thupi. Madzi oyera othira mchere pang'ono, mankhwala a pabala ochokera kwa alangizi a ziweto ndi kupumitsa ng'ombeyo mpaka bala litauma, ndiwo machiritso ake.

Bulu ndiye amazunzika koposa kumene kulikonse akamumanga pa goli la ng'ombe. Alibe linunda, khosi lake silinapangidwire kusenza mtengo, ndipo mphamvu yake ili pachifuwa. Chomuyenera ndi lamba wotakata wodutsa pachifuwa, woikidwa nsalu yofewa mkati, ndi kachishalo pamsana konyamula kulemera kwa ngolo. Wosoka nsapato wa pamsika atha kuzipanga atangoonetsedwa kamodzi. Bungwe loteteza ziweto la LSPCA, limene linakhazikitsidwa ku Lilongwe mu 2008, lakhala likuphunzitsa eni abulu a m'chigawo chapakati zinthu zotere. Ndipo boma silinangosiya nkhaniyi ku chifundo cha munthu: lamulo la Protection of Animals Act limaletsa kuchitira nkhanza chiweto, kuphatikizapo kuchisenzetsa katundu wopyola mphamvu zake. Kungoti ndi ochepa amene analimvapo.

Galu naye ali ndi chake chovala. Kamwana ka galu kakangobwera pakhomo, ana amakamanga waya kapena chingwe cha nayiloni m'khosi kuti kasabwerere kwa make. Galu amakula, waya sakula. Pakapita miyezi wayayo amakhala atalowa m'mnofu, ubweya utamuphimba, ndipo chimene chimadziwitsa anthu ndi fungo. Muyeso wake ndi wapafupi: zala ziwiri zizilowa momasuka pakati pa lamba ndi khosi, ndipo kamwana ka galu kaziyesedwa sabata iliyonse. Mwina n'zochititsa manyazi pang'ono kuti nyama zovala malamba oyezedwa bwino m'boma la Chikwawa ndi zakutchire. Ku Majete, kumene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2003, ina mwa mikango imene inabwezeretsedwa kuyambira 2012, akakwiyo a 2019 ndi mimbulu ya 2021 inavekedwa malamba osonyeza kumene ili, ndipo amene amaiveka ndi akatswiri oyeza khosi la nyama iliyonse payokha.

Nanga kutikita kwenikweniko? Apa anthu a kuchigwa alibe choti aphunzire kwa ogulitsa majekete. Wokama mkaka aliyense amadziwa kuti ng'ombe yathu ya linunda imaumira mkaka mpaka thole litayamwako kaye, kapena dzanja lozolowereka litasisita bere modekha. Kusisitako kumachititsa thupi kutulutsa timadzi totchedwa oxytocin, timene timatsitsa mkaka. Ofufuza a ku yunivesite ya Azabu ku Japan anaonetsa mu 2015 kuti timadzi tomweti timachuluka mwa galu ndi mwini wake yemwe akamayang'anana mwachikondi. Ng'ombe ikabereka imanyambita thole mwamphamvu mpaka liimirire. Zikakhala kudambo zimanyambitana m'makosi ndi kudzikhula pa mitengo ndi pa chulu, mwakuti alimi a mkaka a ku Ulaya amaziikira maburashi ozungulira okha m'makola. Mlimi wathu akaona nkhunzi ikutsimphina itagwira ntchito yolemetsa, amatenga nsanza ndi madzi ofunda n'kuithowa. Nzeru yake ndi yomweyo imene ena aiika m'bokosi n'kuimata mtengo wa madola.

Koma dzanja lili ndi china chimene makina alibe: limaona. Munthu wosisita ng'ombe yake madzulo ikalowa m'khola ndiye amapeza nkhupakupa zobisala m'makutu, pansi pa mchira ndi pakati pa miyendo. Ndiye amamva mwanabere wotupa pansi pa khutu kapena kutsogolo kwa phewa, chizindikiro choti matenda a nkhupakupa kapena a kashembe mwina alowa, ng'ombe isanagone pansi. Ndiye amazindikira kuti pamalo pa goli patentha bala lisanatseguke. Pa galu, dzanja limapeza nthata, mphere ikungoyamba, nthiti zotuluka chifukwa cha njoka za m'mimba, munga wa m'phazi. Jekete lonjenjemera likanangophimba zonsezi.

Phindu lalikulu koposa ndi la chiwewe. Bungwe la World Health Organization limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse pa dziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Ana ndiwo amalumidwa kwambiri. Akatswiri amagwirizana kuti agalu 70 pa 100 aliwonse akabayidwa katemera chaka ndi chaka, matendawa amasiya kufalikira. Bungwe la Mission Rabies litayamba ntchito mu mzinda wa Blantyre mu 2015, madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth atadandaula za kuchuluka kwa ana omwalira ndi chiwewe, linabaya agalu oposa 35,000 m'masabata ochepa. Chimodzi mwa zolepheretsa ntchito zotere n'chakuti eni agalu ambiri sangathe kugwira galu wawo. Amamudyetsa mkute, amamudalira usiku polondera khola la mbuzi, koma chibadwire sanamukhudzepo koma ndi mwala kapena ndodo. Tsiku la katemera likafika, galu akaona chingwe amathawira kutchire. Amene amafika pamzere ndi agalu oleredwa ndi ana, osisitidwa kuyambira ali aang'ono, oti mwana wa sitandade 4 amangowanyamula. Choncho kusisita galu si chizungu ayi. Ndi njira yomufikitsira pa jakisoni woteteza ana a m'mudzimo.

Dzanja lomwelo lili ndi malire ake, ndipo apa tisanyengererane. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, wodontha dovu, woluma zilizonse kapena wongoti ndwii chonsecho anali wamasewera, asakhudzidwe. Ng'ombe ya chiwewe imaoneka ngati yatsamwa, ndipo anthu ena amaipisa dzanja m'kamwa kufuna kuchotsa chotsamwitsacho. Kumeneko n'kudziika pangozi ya imfa. Wolumidwa kapena wokandidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira zizindikiro, chifukwa zikaoneka palibenso mankhwala. Pamene pathyoka fupa, pa chotupa chotentha, pa bala lotseguka kapena pa chiweto chotentha thupi sipotikita. Ndipo matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, monga amachitira kawirikawiri kuchigwa kuno kumene ng'ombe zimadya moyandikana ndi njati za ku Lengwe, manja, nsapato, zingwe ndi goli lobwerekana zimanyamula kachilomboko kuchoka khola lina kupita lina. Boma likatseka misika ya ziweto ndi kuletsa kuzisamutsa, nayenso wobwereketsa goli ayambe waima.

Sindikunena kuti zovala zotikitazi n'zachabe kwa aliyense. Galu wokalamba wa nyamakazi, wokhala m'nyumba yozizira ku Namiwawa kapena ku Area 43, atha kupezako mpumulo ngati dokotala wa ziweto wamuyeza n'kuvomereza, ndipo ngati galuyo sakuopa kulira kwa kamakinako, pakuti makutu a galu amamva zimene ife sitimva. Koma dziko lino linayamba kutulutsa madokotala a ziweto ophunzira konkuno mu 2019, pa yunivesite ya LUANAR, ndipo mlangizi mmodzi wa ziweto kuchigwa amayendera midzi yambirimbiri. Mabanja amene ziweto zawo zinakokoloka ndi madzi osefukira a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 akuyambiranso khola ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri. Kwa iwo ndalama iliyonse yopita ku chiweto iyenera kupita ku dibi, ku mankhwala a njoka za m'mimba ndi ku katemera.

Inu a ngolo a pa Dyeratu, pa Miseu Folo ndi pa Tengani, madzulo ano mukamasula goli yendetsani chikhatho pakhosi pa ng'ombe zonse ziwiri, ndipo ngati patentha kapena pasupuka, mawa ipumule, goli mulipale. Inu makolo, alekeni ana azisewera ndi kamwana ka galu n'kukazoloweza lamba wansalu, muchotse waya uja m'khosi, ndipo alangizi akalengeza tsiku la katemera, kaya ndi pa 28 Sepitembala pamene dziko lonse limakumbukira za chiwewe kapena tsiku lina lililonse, galu wanu akapezeke pamzere.