KULERA: MAPIRITSI A MWADZIDZIDZI SADIKIRA TSIKU LA MSIKA

Njira yolera si jakisoni yekha. Zilipo zingapo, ndipo m'zipatala za boma amazipereka mwaulere.

Mapiritsi amamwa tsiku lililonse. Jakisoni amabayitsa miyezi 3 iliyonse. Kachubu koika pamkono kamateteza zaka 3 kapena 5, kutengera mtundu wake. Lupu, imene anamwino amaitcha DIU, imatha zaka 10. Koma kondomu yokha ndiyo imateteza ku mimba komanso ku HIV. Kambiranani ndi anamwino kuti musankhe yokuyenerani.

Nanga kondomu ikaphulika, kapena mwaiwala mapiritsi masiku angapo? Pali mapiritsi olera mwadzidzidzi. Sachotsa mimba ayi, amangochedwetsa dzira kutuluka. Amagwira bwino akamwedwa pasanathe maola 72, ndipo pakadutsa masiku 5 sathandizanso. Choncho musadikire tsiku la msika, nyamukani tsiku lomwelo. Mukasanza pasanathe maola 2 mutamwa, bwererani mukalandire ena. Msambo ukachedwa kupitirira sabata imodzi, kayezetseni mimba.

Mtsikana kapena mayi amene wagwiriridwa aperekezedwe kuchipatala msanga, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV nawonso amayambidwa pasanathe maola 72. Musamudzudzule.

Inu a m'malire amene mumabayitsa nthawi zina kuno ku Mozambique, nthawi zina ku Malawi, musasiye khadi lanu kunyumba. Ndi limene limauza anamwino tsiku limene munabayitsa komaliza.

Abambo, aperekezeni akazi anu. Kulera ndi nkhani ya banja lonse.