Mlezi wa Mwana: Tigwirizane Tsiku Loyamba

Tikatha kukolola, atsikana ambiri a kwathu ku Katete, Petauke ndi Chadiza amakwera basi kupita ku Lusaka kukalera ana a eni. Ena amabwerako isanathe miyezi itatu. Tikawafunsa, nkhani imakhala imodzi: anayambana ndi amayi a panyumba pa zinthu zimene sanauzidwe poyamba, makamaka kavalidwe. Nafenso kumudzi timalemba alezi nthawi ya dzinja, amayi akamaswera kumunda. Motero nkhaniyi ndi yathu tonse.

Tsiku loyamba tikhale pansi ndi mlezi, pakhalenso mboni. Tichule nthawi yoyamba ndi yoweruka, zakudya za mwana, kusamba m'manja ndi sopo, ndiponso woyenera kumuimbira foni mwana akatentha thupi. Tinenenso poyera ngati kucapira banja lonse kuli m'kati mwa nchitoyo. Zimene tapangana tizilembe papepala.

Pa kavalidwe, lamulo lililonse likhale ndi cifukwa cake. Mlezi amawerama, amabereka, amathamangira mwana, tsono afunika citenge colimba ndi nsapato zafulati. Citambala cimaletsa tsitsi kugwera m'phala. Zikhadabo zazitali zimakanda khanda ndi kusunga litsiro, ndipo ndolo kapena mkanda ukaduka mwana akhoza kumeza. Mtsikana akamva zifukwa zotere sadandaula. Ngati tifuna yunifomu, tigule tokha ziwiri, osadula pa malipiro ace. Pa tsiku lopuma avale zace. Koma ngati lamulolo labwera cifukwa amayi akukayikira abambo, umenewo ndi mlandu wa awiriwo ndi ankhoswe awo, osati wa mwana wa eni.

Tisanafune zambiri kwa mlezi, tidziyese tokha. Boma linaika malipiro ocepetsetsa a anchito a m'nyumba koyamba mu 2011, ndipo mu Januwale 2024 anafika pa K1,300 pamwezi. Lamulolo linaikanso maola 48 pa mlungu, ndi kuletsa kulemba mwana wosakwana zaka 15. Wotere malo ace ndi kusukulu.

Inunso makolo, musanamkweze basi mwana wanu, funsani zonsezi, ndipo musunge nambala ya kumene apita.

Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene tamsiyira khanda lathu tsiku lonse tisamnyoze cifukwa ca siketi. Timuuze bwino, timlipire pa nthawi yace.