Mjeremani wosoka zomangira akavalo ndi bulu wa ku Dedza

M'chaka cha 1854 chokha, anthu oposa 200,000 anachoka ku madera a Ajeremani n'kukwera sitima zapamadzi kupita ku America. Mmodzi mwa iwo anali mnyamata wa ku Saxony, Hermann H. Heiser, amene anabadwa mu 1836. Sanakhazikike m'mizinda ikuluikulu ya m'mphepete mwa nyanja. Analowera kumtunda, kum'mwera chakumadzulo kwa Wisconsin, kumene anthu ankakumba mtovu ndi kutsegula minda yatsopano. Mu 1858 anatsegula kashopu kake m'tauni yaing'ono ya Highland, n'kuyamba kusoka zishalo ndi zingwe zachikopa zomangira akavalo pangolo ndi pakhasu.

Masiku amenewo tauni yopanda mmisiri wotereyu sinkayenda. Kavalo ndiye ankalima, kututa miyala ya kumgodi ndi kunyamula dokotala usiku, ndipo kavalo sakoka ndi khosi monga ng'ombe. Mukam'panikiza pammero amabanika. Amafuna kolala yachikopa yofutukuka, yoikamo udzu wouma mkati, yokhala bwino pamapewa, ndipo zingwe ziwiri zochindikala zimachoka pamenepo kukafika pangolo. Kolala ikakula imakhula mpaka chilonda, ikachepa imatsamwitsa, choncho mmisiri ankayeza kavalo aliyense payekha. Posoka ankapana chikopa ndi matabwa awiri pakati pa mawondo, kuboola ndi kachitsulo kosongoka, kenako kulowetsa masingano awiri pabowo limodzi, ina uku ina uko, ndi ulusi wopaka phula. Msoko wotere ukaduka pamalo amodzi sumasuka wonse. Chingwe chikaduka ngolo yodzaza miyala ili pamtsetse, munthu ankafa, ndiye alimi sankayang'ana mtengo wokha posankha mmisiri.

Shopu yotere sinali yosokera mokha. Mumashopu a amisiriwa munkapezeka zikwapu, mafuta opaka chikopa, mabulangeti a akavalo ndi masutikesi, ndipo alimi ambiri ankatenga katundu pangongole yodzabweza akakolola. Mwinishopu ankayenera kudziwa singano, komanso buku la ngongole.

Heiser sanakalambire ku Highland. Golide atapezeka m'mapiri a Colorado mu 1859, anthu anathamangira kumeneko ndi ngolo zawo, ndipo patapita zaka zochepa iye anawatsatira. Anagwira ntchito m'matauni a migodi a Black Hawk ndi Central City. Njanji inafika ku Denver mu 1870, malonda n'kuyamba kusonkhana mumzindawo, ndipo mu 1874 Heiser anasamukira komweko. Chilichonse chotuluka m'shopu yake ankachidinda zilembo zitatu, HHH. Anamwalira mu 1904, ana ake n'kupitiriza kampaniyo kwa zaka zina zambiri. Lero osonkhanitsa zinthu zakale amafunafunabe zishalo ndi tizikwama ta mfuti tokhala ndi chidindo chimenechi.

Kwawo kwa Heiser ntchito zamanja zinali ndi makwerero ake. Mnyamata ankaperekedwa kwa mmisiri wamkulu, kumagona ndi kudya pakhomo pake kwa zaka zitatu kapena zinayi. Akamaliza ankanyamula kathumba n'kuyenda tauni ndi tauni kwa zaka zina, akugwira ntchito kwa amisiri osiyanasiyana, ndipo ankayenda ndi kabuku kolembedwamo malo onse amene wadutsa. Kuti atsegule shopu yakeyake ankapanga chinthu chimodzi chapamwamba choti akuluakulu a ntchitoyo achiunike. Dongosololi linali louma mtima, ndipo nthawi zina linkatsekereza achinyamata kuti asapikisane ndi eni mashopu, chomwe chinali chimodzi mwa zifukwa zimene amisiri ambiri anawolokera nyanja. Koma linkapatsa ntchito yamanja ulemu. Friedrich Ebert, amene anakhala pulezidenti woyamba wa Germany mu 1919, anali mwana wa telala ndipo ntchito imene anaphunzira inali yosoka zishalo.

Kuno kwathu mmisiri amaphunzira mwa njira ina. Mwana amayamba ndi kupopa mvukuto kwa amalume ake osula makasu, kapena kugwirira sipanala pansi pa mtengo pamene mkulu wake akukonza njinga. Palibe pangano lolembedwa, palibe tsiku lomaliza. Amaona, amayesa, amakalipiridwa, tsiku lina n'kupezeka kuti wagula zida zake. Njira imeneyi ili ndi ubwino waukulu: sikaniza mwana wosauka kapena amene analekeza sukulu panjira. Vuto lake n'lakuti luso limathera pamene panathera la mphunzitsi, ndipo mnyamatayo akapita kwina alibe chosonyeza. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, linabwera kudzatseka mpata umenewu, koma amisiri ambiri a m'misika akadali ophunzira kwa achibale.

Nanga n'chifukwa chiyani ntchito ya Heiser sinamere m'Malawi? Si kuti makolo sankadziwa chikopa. Ankakunga nacho ng'oma, kufufuta nguwo, kusoka mivukuto, ndipo Angoni ankapanga zishango za chikopa cha ng'ombe zimene timazionabe pa ingoma. Chimene chinasowa ndi kavalo. Kashembe ndi matenda a akavalo sankalola nyamayi kuchuluka m'madera ambiri a kuno, moti ngakhale Azungu atafika, katundu wochoka kumadoko a mtsinje wa Shire ankakwera mapiri pamitu ya amtengatenga. Makasu a ng'ombe ndi ngolo zitafala ku Mzimba, Kasungu, Mchinji ndi Lilongwe, zinadza ndi goli. Goli ndi mtengo, wosema aliyense waluso amalikonza, ndipo ng'ombe ya linunda imalisenza bwino. Ngoloyo amaiwotcherera pa ekiselo ya galimoto yakufa, zomangira n'kukhala zingwe za chikopa chosafufuta kapena malegeni. Palibe pamene pankafunika munthu wokhala tsiku lonse akusoka makolala.

Kusiyana kwina kuli pa dzina. Heiser anali mlendo wolankhula Chingerezi chophunzira atakula, wopanda fuko lomuikira kumbuyo, ndiye chidindo chake ndicho chinkamuchitira umboni kwa anthu osamudziwa. Mmisiri wa kwathu amadziwika ndi nkhope. Telala wa pakhonde la sitolo, wosoka nsapato wa pa depoti, wokhoma ndowa wa mumsika, onsewa makasitomala amawapeza pofunsa anzawo, ndipo pa katundu wawo sipalembedwa kanthu. Zimathandiza mmisiri akadali moyo komanso akadali pamalo omwewo. Akamwalira, kapena akasamukira ku Johannesburg monga achitira matelala ambiri a ku Mangochi, mbiri yonse imapita naye ndipo ana amayambanso pachiyambi. Apa Mjeremani uja anaona patali, ndipo kudinda dzina pa ngolo kapena pa nsapato sikufuna ngongole ya kubanki.

Ku America ntchito ya akavalo inadzachepa ndithu. Henry Ford anatulutsa galimoto ya Model T mu 1908, mathirakitala n'kutsatira. Akavalo ndi nyulu, zomwe zinafika pafupifupi 26 miliyoni ku America cha m'ma 1920, zinatsala pafupifupi 3 miliyoni pofika 1960. Mashopu ambiri a m'matauni aang'ono anatsekedwa, ena anasanduka okonzera nsapato kapena mipando ya galimoto. Amene anapulumuka ndi amene anatengera msoko womwewo pa katundu wina. Ana a Heiser analimbikira malamba ndi tizikwama ta mfuti. Ku France, banja la Thierry Hermès, amene anabadwira ku Krefeld mu 1801 n'kutsegula shopu ya zomangira akavalo ku Paris mu 1837, linatembenukira ku zikwama, ndipo dzinali lero lili pa katundu wodula kwambiri padziko. Okonza njinga zakapalasa m'matauni athu ayamba kukumana ndi zofanana chifukwa cha njinga zamoto za kabaza, ndipo ochenjera ayamba kale kuphunzira injini.

Chodabwitsa n'chakuti ntchito imene inazilala ku Wisconsin ikufunika kuno tsopano. Ku Dedza ndi m'madera ozungulira Lilongwe abulu akukoka ngolo za njerwa, mchenga ndi chimanga, ndipo ambiri amamangidwa m'goli lopangira ng'ombe. Bulu alibe linunda. Mphamvu yake ili pachifuwa ndi pamapewa monga kavalo, choncho mtengowo umam'dya pakhosi mpaka zilonda zosapola, ndipo amakoka katundu wochepa kuposa amene akanatha. Chimene akufuna ndi lamba wotakata wa pachifuwa, wofewa mkati, wosokedwa molingana ndi msinkhu wake. Zikopa zilipo, pakuti mbuzi ndi ng'ombe zimaphedwa tsiku lililonse la msika, ndipo osoka nsapato odziwa kugwira singano yaikulu ali pa depoti iliyonse. Sukulu za ntchito zamanja ndi alangizi a ziweto aphunzitse amisiri amenewa kuyeza bulu ndi kusoka malambawa, ndipo eni ngolo aleke kumanga abulu m'goli la ng'ombe.