Lole Yotsimphina Isananyamuke Kunka Kwathu

Abale athu a ku migodi ndi a ku mapulazi, mwezi wa December ukayandikira timva nkhani imodzimodzi m'misewu ya Geelhoutpark ndi ya Tlhabane: anthu anayi kapena asanu asonkha ndalama, agula kalole kakale, ndipo afuna kusenzetsa malata, njinga ndi mabulangete kunka nazo kumudzi. Atate athu anadza ku Joni ndi Wenela, pa sitima ndi pa ndege, osalabadira za injini. Ife tiyenda tokha, kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete kufikira pa Mwanza, mtunda wopitirira makilomita 1,500. Tsono lole ikayamba kunjenjemera ili chiimire, kutsokomola pokwera chitunda ndi kuombera ku ekizozi ngati mfuti, si chinthu chochinyozera ai. Amakaniko a kuno achitcha misfire, ndiko kunena kuti silinda ina siili kutentha mafuta ake, ndipo zinzake zili kuikoka monga ng'ombe zikoka inzawo yopunduka pa goli.

Chimene tidandaula nacho ndi ichi, kuti ambiri athamangira ku sitolo. Agula mapulagi, agula koyilo, agula pampu, malipiro a mwezi atha, lole ili chitsimphinire. Sing'anga wanzeru sayamba kutema mphini asanafunse pamene papweteka. Muyambe mwapeza silinda yodwalayo, pakuti kutero sikulira ndalama.

Pa injini yakale ya petulo machitidwe ake ndi awa. Ilizeni, iyende pang'onopang'ono, ndipo muzule waya wa pulagi mmodzimmodzi ndi pulayala ya zogwirira za mphira, chifukwa moto wa m'menemo uluma koopsa. Mukazula wa silinda yamoyo, injini ifooka nifuna kuzima. Mukazula wina osasintha kanthu, mwampeza wodwala. Pamenepo zimitsani, masulani pulagi yake, muiyang'anitse. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo achuluka ndipo mpweya uchepa. Onani sefa ya mpweya, popeza fumbi la ku migodi ndi la misewu ya ku mapulazi liitseka msanga. Ikakhala yonyowa ndi oyilo, nthenda ili m'kati, ku maring'i kapena ku mavalavu. Ikayera mbee kusiyana ndi zinzake, ngati yochapidwa, opani: kawirikawiri madzi a mu rediyeta ndiwo ali kulowamo. Musinthanitse pulagiyo ndi ya silinda ina. Kutsimphina kukasamuka nayo, pulagi ndiyo yafa; kukatsala pomwepo, yesani waya chimodzimodzi. Ndipo wina akazula mawaya onse pamodzi naiwala malo ake, akumbuke kuti injini zambiri za masilinda anayi ziomba 1, 3, 4, 2.

Magalimoto atsopano ali ndi koyilo pa pulagi iliyonse ndi kanyali kachikasu kutsogolo kwa woyendetsa. Makaniko alumikiza kamakina kake nawerenga nambala: P0303 itanthauza silinda yachitatu, P0300 itanthauza kuti nthenda ili kuyendayenda, ndipo pamenepo mukayikire mafuta kapena kapayipi ka mpweya kong'ambika. Koma kamakinako kaloza nyumba yokha, sikatchula wodwala. Kusinthanitsa makoyilo kufunikabe.

Kanyali kaja kakayamba kuphethira, imani. Apa pali chinthu chimene anthu a ku migodi ayenera kuchimva koposa onse. Kuyambira pamene mwala wa Merensky unapezeka m'chaka cha 1924, ndi kulondoledwa kufikira kuno ku Rustenburg, anthu alowa pansi kukumba platinamu. Chitsulo chomwecho, pamodzi ndi palladium ndi rhodium zotuluka m'mwala womwewo, chipakidwa m'kabokosi ka mu ekizozi kotchedwa catalytic converter, kamene kayeretsa utsi. Petulo wosapsa wa silinda yakufa akafika m'menemo apsera momwemo, kabokosi katentha kopitirira muyeso, m'kati mwake musungunuka ndi kutsekeka. Taonani, munthu akumba platinamu usiku wonse ndi thukuta, m'mawa naiwotcha yekha chifukwa cha pulagi imodzi! Mtengo wa kabokosiko ungagule mapulagi ambirimbiri.

Za dizilo nzosiyana, pakuti mulibe moto wa pulagi. Mafuta ayaka ndi kupanikizika kwa mpweya. Yambani ndi sefa ya mafuta, mukhetse madzi okhala pansi pake, mupope kuti mpweya utuluke m'mapayipi. Pa injini zakale makaniko amasula pang'ono nati ya payipi ya injekita imodziimodzi namvetsera, monga tinachitira ndi mawaya. Pa zatsopano za common rail musayese konse: mafuta a m'menemo ali ndi mphamvu yoboola khungu ndi kulowa m'thupi. Mafuta omwe muwakayikire. M'chaka cha 2024 boma la South Africa linaulula kuti malo 70 ogulitsira mafuta anapezeka ndi dizilo wosakaniza ndi palafini. Palafini alibe kuterera kwa dizilo, ndipo adya pampu ndi mainjekita mwakachetechete. Iye amene akuitanirani dizilo wa m'chigubu wotsika mtengo kuseri kwa msewu sadzakhalapo pamene lole idzaime pakati pa Nyamapanda ndi Tete, dzuwa lili pamutu.

Moto ukakhala bwino, mafuta bwino, koma silinda ili chifere, pemphani makaniko ayese mphamvu ya masilinda ndi geji. Imodzi ikatsika yokha, ndi valavu yopsa kapena maring'i. Ziwiri zoyandikana zikatsika pamodzi, gasiketi ya mutu yapsa pakati pao. Madzi akayamba kuchepa mu rediyeta ndi utsi woyera kutuluka kumbuyo, yaboolanso njira ya madzi. Lole yotere isachoke pa Rustenburg mutu wa injini usanatsegulidwe. Katundu akwere ina, kapena ulendo udikire malipiro a January.