Kodi Njinga Yamoto ya Matayala Anayi Ingalime Munda?

Ana athu ogwira ntchito m'mafamu a ku South Africa akabwera kumudzi amasimba za njinga yamoto ya matayala anayi imene amakwera poyendera ziweto, ndipo ena amati njingayo imalimanso. Mawuwa ndi oona, koma satha pomwepo. Popeza mwina tsiku lina kalabu ya m'mudzi mwanu idzafuna kusonkha ndalama zogulira makina otere, nkwabwino kuti mudziwiretu ntchito imene angathe ndi imene sangathe.

Njingayi eni ake amaitcha ATV. Kampani ya Honda ya ku Japan inayamba kugulitsa ya matayala atatu mu 1970, koma inkagudubuzika kawirikawiri ndi kuvulaza anthu, kotero kuti pofika 1988 ku America anali ataleka kugulitsa zatsopano. Ya matayala anayi inatulutsidwa ndi Suzuki mu 1982. Ku America komweko ndiko anthu ambiri amalimira njingazi. Alenje amalambula kamunda ka theka la ekala kapena ekala imodzi m'kati mwa nkhalango, kumene thirakitala singafike, nabzalamo msipu wokopa nyama zonga agwape. Taonani tsono kuti imeneyi si minda yodyetsa banja. Mbewu ikakanika kumeneko, palibe mwana amene agone ndi njala.

Kumbuyo kwa njingayo amakolekako chipangizo cha mbale zachitsulo zakuthwa m'mphepete, chotambalala ngati mapazi 4. Mbalezo zimagudubuzika mopendekeka, nkumadula nthaka ndi kuitembenuza. Pambuyo pake amakoka china cha mano chophwanyira zibuma, kenaka chogudubuza cholemera chotsendera mbewu zing'onozing'ono kuti zigwirane ndi dothi.

Nkhani yonse yagona pa kulemera. Njinga yotere imalemera ngati matumba 6 a chimanga a makilogalamu 50, ndiye kuti ng'ombe ziwiri zapagoli zimaiposa. Chipangizo chakenso nchopepuka, ndipo palibe mphamvu yochikanikiza pansi koma kulemera kwake kokha. Pa nthaka youma ya katondo mbalezo zimangodumphadumpha pamwamba ngati nkhuku ikupalasa. Anthu amasanjikapo njerwa kapena miyala kuti zilowe, koma mukasanjika zambiri matayala amangozungulira pamalo amodzi, injini nkutentha. Pamene zinthu zayenda bwino mbale zimalowa mainchesi 3 kapena 4 okha.

Chifukwa chake ogwiritsa bwino njingayi sathamangira kulima. Amayamba atchetcha udzu wonse ndi kuusiya kuti ufote, pakuti mbale zopepuka sizingadule mizu ya udzu wamoyo. Amazula zitsa ndi kutola miyala. Kenaka amadikira mvula yonyowetsa nthaka. Tapani dothi, mulifumbate m'manja: likaumbika koma nkufumbutuka mukalikhudza ndi chala, nthawi yakwana, likamata ngati dongo loumbira mbiya, dikirani, mungapange zibuma zimene zidzakuvutani chaka chonse. Polima amaika giya yaing'ono, nayenda pang'onopang'ono ngati munthu wofulumira pa ulendo. Amabwereza katatu kapena kanayi, ulendo wina chamlitali, wina chopingasa. Ulendo uliwonse ukudya petulo, ndipo inu mukudziwa mtengo wake.

Tsono taganizani za minda yathu. M'dimba la dothi lofewa, lopanda zitsa, pokonza malo a ndiwo zamasamba, makinawa angathandize ndithu. Angathandizenso kututa manyowa pa kangolo. Koma kuswa mphanje kapena kugalauza makande sangathe. Ndiponso m'minda yambiri imene takhala tikuunga mizere ndi khasu chaka ndi chaka, pansi pa mizereyo pali nthaka yolimba imene mizu ya chimanga imalephera kuboola, madzi a mvula osalowa. Mbale zolowa mainchesi 4 siziifika nkomwe. Zimangosandutsa fumbi dothi lapamwamba, ndipo pamalo otsetsereka mvula yoyamba idzalikokolola kupita nalo kumtsinje. Chimene chimang'amba nthaka yolimbayo ndi chitsulo cha dzino limodzi chokokedwa ndi ng'ombe, monga chija chinatchedwa dzina la Magoye wa ku Zambia. Icho chimang'amba mzere wokhawo wobzalamo, kusiya pakati posalima ndi mapesi ake. Kwa ine, mudzi umene uli ndi ndalama zochepa uyambe waganiza za ng'ombe ndi chitsulo chimenechi.

Mawu ena ndi a inu mafumu, pakuti ngozi ikagwa mlandu udzafika pabwalo panu. Njinga ya matayala anayi nayonso imagudubuzika, makamaka poyenda chopingasa pa chitunda kapena pamene chokokedwa chakodwa pa chitsa, ndipo ikagwa imapsinja wokwerayo. Ku Australia, kuyambira mu 2021, lamulo likuti njinga zatsopano za ntchito za kumunda zikhale ndi chitsulo chotchinjiriza munthu ikagudubuzika. Chipangizo chikolekedwe pa chokolekera chake cha m'munsi, osati pa tebulo la katundu. Woyendetsa avale chipewa cholimba, asanyamule mnzake, ndipo ana asaloledwe kukwera pa mbale kuti azilemeretse m'malo mwa miyala.