Kanyumba ka Mphepo ka M'nyumba Mwanu: Chimene Chimadula Wi-Fi

Limodzi mwa madandaulo omveka kaŵirikaŵiri m'makomo masiku ano ndi lakuti intaneti ikudukaduka. Mwana ali pakati pa phunziro, yaduka. Mayi akulankhula ndi mwana wawo wa ku Johannesburg, mau athera m'malere. Bambo akutumiza ndalama, lamya yangoti zii, osadziŵa ngati ndalamazo zafika. Zikatere ambiri amathamangira kunyoza kampani, ena amakagula rauta ina, ndipo patapita sabata amapeza kuti nthenda ija idakalipo, chimene chapita ndi ndalama zokha.

Choyamba kuchimvetsa ndi chakuti kabokosi kotchedwa rauta ndi kanyumba ka mphepo. Omvera amene anakwezapo waya pa nsungwi kuti wailesi imveke bwino akudziŵa kale theka la nkhaniyi. Wi-Fi, dzina limene linayamba kumveka mu 1999, imayenda pa mafunde a wailesi, koma mafunde ake ndi aafupi zedi. Funde la FM limatalika pafupifupi mamita 3, pamene la Wi-Fi ya 2.4 GHz ndi masentimita 12, ndipo la 5 GHz ndi masentimita 6 okha. Mphamvu yake nayonso kaŵirikaŵiri siifika ngakhale wati imodzi. Ndi mau onong'ona, ndipo onong'ona samveka kuseri kwa khoma.

Ulendo wa intaneti uli ndi zigawo ziŵiri. China ndi cha m'nyumba, kuchokera pa lamya kufika pa rauta. China ndi cha kunja, kuchokera pa rauta kufika pa mlongoti wa kampani, kapena kudzera m'chingwe kumene chingwe chinafika. Munthu wosadziŵa chigawo chimene chaduka amafanana ndi wopereka mankhwala asanafunse pamene pakupweteka.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Intaneti ikaduka, mwini nyumba asathamangire kuzimitsa kanthu, koma ayambe wayang'ana kachizindikiro ka Wi-Fi kamene kali pamwamba pa lamya. Ngati kasoŵa kapena katsala kadontho kamodzi, vuto lili m'nyumba. Ngati kali kodzaza koma palibe chimene chikutseguka, ndiye kuti lamya ndi rauta zikumvana, ndipo vuto lili kunja. Kenaka ayesere lamya ina. Ngati ikuduka ndi imodzi yokha, wolakwa ndi lamyayo, ndipo nthaŵi zambiri imachira akaiuza kuti iiŵale netiwekiyo, nalembanso mau achinsinsi, ndi kuchotsa dongosolo losunga moto wa batire, limene limagoneka Wi-Fi lamya ikapumula.

Vuto likakhala la m'nyumba, loyamba kulikayikira ndi malo amene rauta yaikidwa. Anthu ambiri amaibisa m'kabati kuopa ana ndi akuba, kapena amaikankhira kuseri kwa wailesi ya kanema kuti zingwe zisanyanse pabalaza. Nzeru imeneyi ndi yomveka, koma ndi yowononga. Khoma la njerwa zootcha limadya gawo lalikulu la mafundewo, la simenti yokhala ndi zitsulo mkati limadya koposa. Chitsulo chimawabweza, kaya ndi furiji, chitseko cha malata kapena kalilole wamkulu, popeza kuseri kwa kalilole kuli utoto wa chitsulo. Madzi amawameza, choncho mgolo wa madzi woikidwa pakati pa rauta ndi chipinda chogona ndi khoma linanso. Malo oyenera ndi apamwamba, poonekera, chapakati pa nyumba.

Koma pano pali mkangano. Rauta zambiri za kuno zimayendera SIM khadi, ndipo zoterezi zimafunanso kumva mlongoti wa kunja, umene umamveka bwino pazenera. Pakati pa nyumba ndi pazenera, choyamba kulemekezedwa ndi zenera, pakuti kugaŵa bwino intaneti imene sikufika kulibe phindu. Mwini nyumba ayendetse rautayo zenera ndi zenera, akudikira mphindi zingapo pa lililonse ndi kuŵerenga tinyali tosonyeza mphamvu ya netiweki. Mwa mazenera omveka bwino asankhe limene lili pafupi ndi kumene anthu amakhala.

Rauta zatsopano zimaulutsa pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz pamodzi. Ya 5 GHz ndi yaliŵiro koma siipita patali, pamene ya 2.4 GHz ndi yoyenda pang'onopang'ono koma imapirira makoma. Zonse zikakhala ndi dzina limodzi, lamya imene ili m'chipinda chakutali imatha kumangodumpha uku ndi uku, ndipo podumphapo ndi pamene mau amadukira. Kuzipatsa maina osiyana kumathetsa zimenezi.

Palinso phokoso la anansi. Monga momwe masiteshoni aŵiri oyandikana amaloŵererana pa wailesi usiku, rauta za m'malo a nyumba zothithikana, monga Ndirande kapena Kawale, zimasokonezana. Pa 2.4 GHz pali matchanelo 13 m'maiko ambiri, koma amaloŵana m'mbali, ndipo atatu ozoloŵereka osagundana ndi 1, 6 ndi 11. Uvuni wa microwave umagwira ntchito pa 2.45 GHz, ndipo zokuzira mau za Bluetooth nazonso zili m'dera lomwelo. Wofuna kusintha tchanelo atembenuze rauta, apeza kapepala kolembedwa manambala onga 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Akawalemba pamalo olembapo adiresi ya tsamba la intaneti, amaloŵa m'chipinda chowongolera rautayo, ndipo angathe kuyesa matchanelo atatuwo limodzi limodzi, lililonse kwa tsiku lathunthu.

Nthenda imene ambiri saiganizira ndi ya magetsi. Ngati pa nthaŵi yodukayo tinyali tonse ta rauta tazima nkuyambanso kuyaka kamodzikamodzi, ndiye kuti rautayo yadzizimitsa yokha. Kaŵirikaŵiri wolakwa ndi adaputala, kaya yotopa kapena yobwereka ku chipangizo china. Manambala a pa adaputala, monga 12V ndi 1A, ayenera kugwirizana ndi olembedwa pansi pa rauta. A V akhale ofanana ndendende, a A asachepere. Soketi yogwedera, magetsi ofooka a madzulo ndi batire ya sola yotsala pang'ono kutha zimachita chimodzimodzi. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala nakonso kumakomola rauta yofundikidwa kansalu kokongoletsa kapena yosiyidwa padzuŵa. Tirauta ta m'thumba tili ndi batire mkati, ndipo batire ikatupa iyenera kuchotsedwa tsiku lomwelo, chifukwa ingathe kuyaka moto.

Vuto likakhala la kunja, zochita ndi zochepa. Ayambe waona ngati bandulo sinathe, pakuti lamya zimadzikokera zinthu zatsopano usiku eni ake ali mtulo. Ngati intaneti imayenda bwino mbandakucha nkumaduka madzulo okha, ndiye kuti mlongoti wachulukidwa ndi anthu, ndipo rauta yatsopano siingasinthe kanthu. Pamenepo alembe m'kope kwa masiku atatu, nthaŵi imene yaduka, utali wake, ndi mmene tinyali tinalili. Kope lotere limamveka kukampani kuposa kufika ndi mkwiyo wokha.

Kuzimitsa rauta kwa theka la mphindi ndi kuiyatsanso ndi mankhwala osavulaza. Chosayenera kukhudzidwa mwachisawawa ndi kabowo kakang'ono ka kumbuyo kolembedwa kuti Reset. Wokatosa ndi singano amafafaniza dzina la netiweki, mau achinsinsi ndi zonse zimene mmisiri anakonza, ndipo rauta zina za chingwe sizigwiranso intaneti kufikira mmisiriyo atabweranso.