Nthenda ya mtima yoyenda m'magazi a pabanja

Munthu akangogwa n'kumwalira ali pa golosale yake, pamaliro sipalephera kupezeka wokumbutsa anzake kuti bambo ake ndi malume ake anapitanso chimodzimodzi. Ena amayamba kuloza zala. Koma madokotala akhala akufufuza nkhaniyi m'majini. Awatu si majini a ziwanda ayi, ndi timalangizo ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo ake.

Kwa zaka zambiri, mlandu wonse unkagwera mafuta a kolesterolo, omwe amamatirira m'mitsempha ya magazi ngati dzimbiri m'paipi ya mjigo. Lero zikudziwika kuti mafutawo sagwira ntchito okha. Asilikali a m'thupi akawaona amawaukira, mtsempha n'kuyamba kutupa mkati mwakachetechete, popanda ululu. Tsiku lina chotupacho chimaphulika, magazi n'kuundana pomwepo, njira yopita ku mnofu wa mtima n'kutsekeka.

Nkhondoyi siikhala yofanana mwa aliyense. Ena anabadwa ndi thupi lofulumira kupsa mtima, ena lofatsa.

Poyamba akatswiri ankakayikira puloteni ya m'magazi yotchedwa CRP, chifukwa imakwera mwa anthu ambiri amene pambuyo pake amadwala mtima. Koma kafukufuku wa mu 2011, wokhudza anthu oposa 190,000, anapeza kuti obadwa ndi majini okweza CRP sadwala mtima kuposa anzawo. CRP inali utsi chabe. Moto unali pena.

Motowo unaoneka mu 2012, pomwe magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza zotsatira zokhudza jini yotchedwa IL6R. Jiniyi imapanga khomo lolandirira uthenga wa interleukin-6, mthenga woitana asilikali kuti ayambe kutupitsa. Anthu ena ali ndi mtundu wa jiniyi umene umamva uthengawo mogontha pang'ono. Malinga ndi kafukufukuyo, wotengera mtunduwu kwa kholo limodzi chiopsezo chake cha nthenda ya mtima chimatsika ndi pafupifupi 3 pa 100 alionse. Nambalayi ndi yochepa, ndipo palibe angamayese kuti jini imuteteza uku akusuta fodya, BP ili m'mwamba. Phindu lake linali kusonyeza kuti kutupa ndi gwero lenileni la matendawa.

Umboni wina unabwera mu 2017 kuchokera kwa Dr Paul Ridker wa ku Boston. Odwala oposa 10,000 omwe mtima unawagwirapo kale anayesedwa ndi jakisoni wa canakinumab, amene amachepetsa kutupa osakhudza kolesterolo. Pa mlingo wina wa mankhwalawa, mavuto aakulu a mtima ndi sitiroko anatsika ndi 15 pa 100. Koma walira mvula walira matope: omwalira ndi matenda oyamba ndi tizilombo anachuluka pang'ono, poti asilikali aja anali atamangidwa manja.

Mu 2023 dziko la America linavomereza colchicine, mankhwala akale a nthenda ya gout, kuti aziperekedwa pa mlingo wochepa kwa ena odwala mtima.

Chodandaulitsa n'chakuti ambiri mwa anthu amene anayezedwa majini mu 2012 anali azungu, ndipo mtundu woteteza wa IL6R uja supezeka kawirikawiri mwa anthu a mu Africa. Pofuna kutseka mpata woterewu, mu 2010 kunakhazikitsidwa ntchito ya H3Africa, yoti akatswiri a mu Africa azifufuza okha majini a anthu akwawo.